Anthu asiya kubwera ku gulu lathu lokambirana za tsankho, kodi talakwitsa pati?

Mayi a Tadala

Moni nonse. Pepani ndilemba zambiri, nkhaniyi yandisowetsa tulo.

Miyezi itatu yapitayo tinayambitsa gulu lokambirana za kusankhana mitundu mumzinda mwathu. Tinayamba anthu 14 a mitundu isanu, ena obadwira konkuno, ena obwera, ena akhungu loyera, ambiri akhungu lakuda. Timakumana Loweruka masana kwa maola awiri, kamodzi pa masabata awiri, ndipo otsogolera ndife awiri, ine ndi bambo wina. Mikumano inayi yoyamba inayenda bwino zedi. Aliyense anafotokoza kumene dzina lake linachokera, chinenero chimene ankalankhula ndi agogo ake, ndi tsiku limene anazindikira koyamba kuti anthu ena amamuona ngati wa kwina. Tinkaseka, ena ankagwetsa misozi, potuluka mitima ili myaa.

Pa mkumano wachisanu mnyamata wina wobwera anafotokoza kuti watha miyezi inayi akufunafuna nyumba ya lendi. Akaimba foni amamuuza kuti nyumba ilipo, koma akangotchula dzina lake, kapena akangomva kalankhulidwe kake, mawu amasintha, akuti pepani mwalowa munthu dzulo. Asanamalize n'komwe, mayi wina wachikulire wa m'gulu lomweli, amene ali ndi nyumba zitatu za lendi, anati: "Inenso ndimatero ndipo sindibisa. Anthu a kwanuko anandithawira ndi ndalama zanga kawiri konse." Muholo monse munangoti zii. Ine mantha anandigwira, ndinati tiyeni tipume kaye, ndipo titabwerera ndinayambitsa nkhani ina.

Loweruka lapitali kunabwera anthu 7 okha. Onse amene sanabwere ndi a mitundu ya anthu ochepa mumzinda muno, kuphatikizapo mnyamatayo. Mayi aja anabwera n'kukhala pa mpando wawo wa masiku onse.

Inu amene mwayendetsapo magulu otere, ndithandizeni nzeru. Ndiwauze mayiwo kuti asamabwere? Kapena gululi latha basi?

Dalaivala

Amayi, ndinena mosapsatira. Mnyamatayo sanathawe mawu a mayi a nyumbawo. Mawu amenewo amawamva tsiku ndi tsiku, khutu lake linazolowera. Chamuthamangitsa n'chakuti inuyo munasintha nkhani. Munamuitana kuti bwera, kuno ndiye kolankhulira zoterezi. Walankhula, wina wamuyankha mokhadzula pamaso pa anthu, ndiye inu mwaikwirira nkhaniyo. Iye anaona kuti ngakhale muno, ululu wake ndi umene uyenera kubisidwa kuti ena akhale mwamtendere.

Mayi a Tadala

Achimwene, mwandilasa mtima, koma ndi zoona. Ndinaopa kuti ayambana pamaso panga ine n'kulephera kuwaleretsa.

Mphunzitsi Wopuma

Musadzione ngati mwagwetsa nyumba, amayi. Ndatsogolerapo magulu anayi, ndipo lililonse linafika pa tsiku ngati limeneli. Mikumano yanu inayi yoyamba inali yodziwana chabe. Zokambirana zenizeni zinayamba pa wachisanuwo, pamene munthu wina ananena poyera zimene amachitadi.

Pali katswiri wa za maganizo a anthu wa ku yunivesite ya Harvard ku America, Gordon Allport, amene mu 1954 analemba kuti kukumana kwa anthu a mitundu yosiyana kumachepetsa tsankho, koma pokhapokha zinthu zinayi zitakhalapo: anthuwo akumane ali ofanana mphamvu, akhale ndi cholinga chimodzi, agwirire ntchito pamodzi osati kupikisana, ndiponso akuluakulu kapena malamulo a pamalopo akhale kumbuyo kwawo. Ife otsogolera timakonda kukumbukira mawu oyambawo, akuti kukumana kumathandiza, n'kuiwala zinayizo.

Taonani choyambacho. Muholo mwanu mipando ndi yofanana, munaiyala mozungulira, aliyense amapatsidwa mphindi zofanana. Koma pakhomo potuluka, mmodzi ali ndi makiyi a nyumba zitatu m'chikwama, wina akukagona pa mphasa kwa mnzake. Mayiwo akalankhula zoipa sataya kanthu. Mnyamatayo akayankha mokwiya, akudziwa kuti eni nyumba amadziwana, ndipo mbiri yake ifika kutali iye asanafike. Ndiye kukhala chete kwake si ulemu ayi, ndi kudziteteza. Apa ndi pamene ntchito ya wotsogolera ili: kuika thupi lanu pakati, kuti wofooka asasenze yekha katundu woyankha.

Ndikanakhala ine tsiku limenelo ndikanati: amayi, zikomo kuti mwanena zoona, tibwerera kwa inu. Koma mnzathuyu sanamalize. Achimwene, pitirizani, tiuzeni kuti miyezi inayi imeneyi mwakhala mukugona kuti. Kenako ndikanawafunsa mayiwo kuti abwereze m'mawu awo zimene amva, asanaonjezere zawo.

Mwana wa Sukulu

Aphunzitsi, zomaliza mwanenazi zili ndi umboni. Ndikuphunzira zomwezi ku yunivesite. Mu 2012 akatswiri awiri a ku yunivesite ya MIT ku America, Emile Bruneau ndi Rebecca Saxe, anachita kafukufuku pakati pa azungu a ku America ndi anthu obwera kuchokera ku Mexico, komanso pakati pa anthu a ku Israel ndi a ku Palestine. Mmodzi ankalemba mavuto amene anthu a mtundu wake amakumana nawo, winayo n'kubwereza mwachidule zimene wawerenga. Anapeza kuti a gulu lamphamvu ankasintha maganizo kwambiri akakhala omvetsera, pamene a gulu loponderezedwa ankasintha kwambiri akakhala olankhula n'kuona kuti amvedwa. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akumvetsera za ena, mukamuuzanso kuti amvetsere, simunamupatse chatsopano. Choncho kugawa mphindi mofanana sikukwanira, zimatengera kuti ndani akulankhula, ndani akubwereza.

Agogo a Mapasa

Ana anga, ndilankhuleko monga mwini nyumba, chifukwa ndikuona kuti mayi uja aweruzidwa iye palibe. Ine ndili ndi tinyumba tiwiri, ndi timeneto timene timandidyetsa ndi kundigulira mankhwala. Munthu akakuthawira ndi lendi ya miyezi itatu, n'kukusiyira ngongole ya madzi ndi chitseko chothyoka, sugona. Ukatero umayamba kufunafuna chizindikiro choti chikuchenjeze ulendo wina, ndipo chizindikiro chapafupi ndi dzina, chinenero kapena khungu. Sindikunena kuti n'zabwino. Ndikunena kuti umo ndi mmene zimalowera mumtima.

Koma ndikuuzeni chimene chinanditsegula maso. Tsiku lina mdzukulu wanga anatenga kope limene ndimalembamo za lendi n'kuyamba kuwerenga mayina a onse amene anandivutitsapo pa zaka zonsezi. Ambiri anali a mtundu wanga womwe. Amenewo ndinkawakumbukira ndi mayina awo, kuti uje ndi wakuba, uje ndi waulesi. Koma awiri a mtundu wina aja sindinkawakumbukira ndi mayina, ndinkangoti anthu a kumeneko. Wa kwathu akalakwa, walakwa yekha. Wa kwina akalakwa, walakwitsa mtundu wonse. Ndinachita manyazi pamaso pa mwana.

Ndiye musamuchotse mayiyo. Eni nyumba ambiri amachita zomwezo koma amanama kuti mwalowa munthu. Iye wanena poyera, ndipo wabweranso. Mukamuthamangitsa, mutsala ndi anthu ogwirizana kale, ndiye muzikambirana ndi yani?

Namwino wa Usiku

Agogo, ndakumvani ndipo ndikukulemekezani chifukwa cha kope lija. Koma ndiloleni ndilankhule mbali ya amene sanabwere, chifukwa ine ndinachokapo m'gulu lotere ndipo sindinabwererenso.

Munali mu 2020, George Floyd, munthu wakuda wa ku America, ataphedwa ndi wapolisi ku Minneapolis pa 25 May. Magulu okambirana anaphuka paliponse ngati bowa, ndipo kumene ndimagwira ntchito anayambitsanso lawo. Akhungu lakuda tinalipo atatu mwa anthu pafupifupi makumi awiri. Mkumano uliwonse ankatitembenukira kuti tifotokoze. Ndinafotokoza za wodwala amene anakana kuti ndimubaye jakisoni, za mnzanga amene ankapatsidwa mashifiti a usiku okhaokha, za mwana wanga amene amatsatidwa ndi alonda m'sitolo. Anthu ankalira, ankandikumbatira, ankati zikomo watiphunzitsa. Ine ndinkafika kunyumba nditatheratu ngati ndagwira mashifiti awiri. Patatha miyezi isanu ndinayang'ana ndandanda ya ntchito, mnzanga uja anali adakali pa usiku. Palibe chinasintha, kupatula kuti anzathu tsopano ankadziona ngati anthu abwino. Mabala anga ndiwo anali buku lawo lophunzirira.

Ndiye mukamati mayiyo asachotsedwe chifukwa akufunika kuphunzira, ndikufunsa: akuphunzira pa msana pa yani? Mnyamatayo alibe pogona. Sanabwere kudzakhala bolodi la munthu.

Dalaivala

Achemwali, mwanena zimene ambiri amangozisunga mumtima.

Abusa

Ndawerenga zonse modekha. Achemwali a namwino, kutopa kwanu ndi kwenikweni, sindikutsutsa. Komabe ine ndimakhulupirira kuti mtima wa munthu umasintha, ndipo ndimalimba mtima ndikakumbukira za ku Kaduna ku Nigeria. Kumeneko Mbusa James Wuye ndi Imam Muhammad Ashafa ankatsogolera magulu a achinyamata odana. Pa ziwawa za mu 1992 Wuye anaduka dzanja, Ashafa anataya mphunzitsi wake wauzimu ndi abale ake awiri. Anthu amenewa anadzakumana, n'kukhazikitsa bungwe loyanjanitsa anthu mu 1995, ndipo akhala akugwira ntchito limodzi zaka zambiri m'madera amene munakhetsedwa magazi. Ngati iwowa anakhululukirana, mayi ndi mnyamata wa m'gulu lanu angalephere bwanji? Ndikanakonda mutawaitana awiriwo padera, akhululukirane, kenako gulu lipitirire.

Namwino wa Usiku

Abusa, akhululukirane chiyani? Mnyamatayo walakwa chiyani choti mayiwo amukhululukire? Apa m'pamene timapwetekera anthu. Timathamangira kugwirana chanza wolakwa asanavomere kuti walakwa, ndipo wolakwiridwa akakana timamutcha wouma mtima. Ngakhale awiri a ku Kaduna aja sizinatheke tsiku limodzi. Wuye mwini wake wakhala akunena poyera kuti kwa nthawi yaitali atayamba kale kugwira ntchito limodzi, mumtima mwake munali mudakali chidani.

Abusa

Ndavomera, achemwali. Ndinafulumira. Chikhululuko chokakamiza si chikhululuko.

Mphunzitsi Wopuma

Pa mfundo ya achemwali a namwinoyi ndikufuna kukhalapo pang'ono, chifukwa pali mzinda umene unadutsamo ndendende.

Ku Greensboro, m'chigawo cha North Carolina ku America, pa 3 November 1979 anthu a Ku Klux Klan, gulu la azungu odana ndi anthu akuda, ndi a chipani cha Nazi anawombera anthu amene ankachita zionetsero m'dera la anthu akuda, n'kupha asanu. Makamera a TV anajambula. Milandu yaupandu inazengedwa kawiri, ndipo kawiri konse oweruza, omwe onse anali azungu, anawamasula. Kwa zaka zoposa makumi awiri akuluakulu a mzindawo ankati zakale zisiyeni, tiyeni tiyang'ane kutsogolo. Koma mlandu suola. Anthu wamba, mipingo ndi abale a ophedwa anakhazikitsa okha komiti yofufuza choonadi, potengera ya ku South Africa imene ankatsogolera Desmond Tutu. Khonsolo ya mzinda inakana kuithandiza. Komitiyo inamvetsera maumboni poyera n'kutulutsa lipoti lake mu 2006, limene linanena kuti apolisi ankadziwa kuti kukhoza kuchitika ziwawa koma sanakhalepo kuti ateteze anthu. Khonsolo inadzapepesa mwalamulo mu 2020, patatha zaka 41.

Chimene ndimatolapo n'chakuti iwo sanayambe ndi funso lakuti tikondane bwanji. Anayamba ndi lakuti chinachitika n'chiyani, anachita ndani, analekerera ndani. Magulu athu ambiri amalumpha funso limeneli chifukwa ndi lowawa. Timakonda kukambirana za mmene munthu akumvera mumtima, chifukwa pamenepo palibe wotsutsa mnzake. Koma nkhani ya mnyamata wanuyu si ya mumtima mokha. Ndi nkhani yoti ingathe kuwerengedwa: nyumba zingati, mafoni angati, anakanidwa kangati.

Mwana wa Sukulu

Ndipo anthu anawerengapo kale zoterezi. Mu 2004 Marianne Bertrand ndi Sendhil Mullainathan anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anatumiza makalata ofunsira ntchito pafupifupi 5,000 ku makampani a ku Boston ndi Chicago. Maphunziro ndi luso zinali zofanana, chosiyana chinali dzina lokha pamwamba, ena a mayina odziwika kuti ndi a azungu, ena a anthu akuda. Mayina a azungu anaitanidwa kochuluka ndi 50 peresenti. Pa nkhani ya nyumba, boma la America lakhala likutumiza anthu awiriawiri, ofanana pa zonse kupatula khungu, kukafunsa nyumba imodzi, kuyambira mu 1977. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti munthu sangakuuzenso kuti mwina unangoganiza, mwina mwalowadi munthu.

Ndionjezereko mbali ina kuti tisataye mtima. Mu 2006 Thomas Pettigrew ndi Linda Tropp anasonkhanitsa kafukufuku 515 wochokera m'mayiko 38, ndipo anapeza kuti nthawi zambiri kukumana kumachepetsadi tsankho. Koma akatswiri ena anadzaonanso vuto limene achemwali a namwino afotokoza: anthu oponderezedwa akayamba kugwirizana ndi a gulu lamphamvu, nthawi zina amasiya kudandaula za kupanda chilungamo poganiza kuti anzawowo akonza, pamene anzawowo sakonza kanthu. Mtendere ulipo, chilungamo palibe.

Dalaivala

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ndinena zimene ndikudziwa. Mu May 2008 ku Alexandra, ku Johannesburg, kunayamba ziwawa zothamangitsa anthu obwera, n'kufalikira m'mizinda ina. Anafa anthu 62, ndipo 21 mwa iwo anali nzika za South Africa zomwe. Ambiri amene anathamangitsidwa sanathamangitsidwe ndi anthu achilendo. Anali anthu a mumsewu womwewo, odziwana mayina, opatsana moni m'mawa uliwonse. Ndiye mukamandiuza kuti anthu akadziwana sachitirana nkhanza, ine ndimakayika. Moni wa m'mawa sateteza munthu tsiku la moto.

Mphunzitsi Wopuma

Achimwene, mwafika pa zimene katswiri wina, Ashutosh Varshney, anapeza ku India. Iye anafunsa kuti n'chifukwa chiyani mizinda ina imayaka kawirikawiri pakati pa Ahindu ndi Asilamu pamene ina, yokhala ndi anthu osakanikirana chimodzimodzi, siyaka. Anayerekeza Aligarh, kumene ziwawa zinkabwerezabwereza, ndi Calicut, kumene kunkakhala bata. Anapeza kuti moni ndi kuyenderana zimathandiza pang'ono, koma chimene chimagwira mzinda pa nthawi yovuta ndi mabungwe amene anthu a mbali zonse alimo limodzi: a amalonda, a anthu ogwira ntchito, a aphunzitsi, a masewera. Mphekesera ikabuka usiku, pamakhala anthu okhala ndi manambala a foni a anzawo a mbali inayo, amene ali ndi chotaya chimodzi mzinda ukayaka, ndipo amaizimitsa isanakule.

N'chifukwa chake ine ndinasiya kuyendetsa magulu ongolankhula. Njira imene ndimatsata tsopano ndi yakale ndithu, ya timagulu ta anthu 8 mpaka 12, otsogolera awiri a mitundu yosiyana, mikumano yowerengeka, ndipo womaliza ndi wosankha ntchito yoti tigwire. Anthu amadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti kulankhulaku kuli ndi kumene kukupita.

Mwana wa Sukulu

Komanso tisayembekezere zambiri kuposa zimene njirayi ingapereke. Salma Mousa anachita kafukufuku kumpoto kwa Iraq, amene anatuluka mu 2020, pakati pa Akhristu amene anathamangitsidwa m'midzi yawo ndi gulu la ISIS. Anakonza ligi ya mpira, matimu ena n'kuwaonjezera osewera achisilamu atatu. Ligi itatha, Akhristu amene anasewera ndi Asilamu ankavomera mosavuta kuchita nawo masewera olimbitsa thupi ndi kulembetsanso timu yosakanikirana. Koma pa Asilamu osawadziwa, kunja kwa bwalo, kusintha kunali kochepa kwambiri. Ndiye n'kutheka kuti mayi aja adzamukonda mnyamata uja n'kumupatsa nyumba, koma mawa wina wa dzina ngati lake akaimba foni adzamuuzabe kuti mwalowa munthu.

Namwino wa Usiku

Eya. "Iwe ndiwe wosiyana ndi anzako." Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri, ndipo olankhulawo amaganiza kuti akundiyamikira.

Mayi a Tadala

Abale, ndawerenga kawiri. Ndiye mwina tichite chonchi: gulu lathu litenge nkhani ya nyumbayi ikhale ntchito yathu. Tigawane awiriawiri, tiziimba mafoni pa nyumba zimene zalengezedwa, wina wa dzina la konkuno, wina wa dzina la kwina, tizilemba mayankho. Mukuona bwanji?

Agogo a Mapasa

Apo pokha ndiye ndikukana, mwana wanga. Umenewo ndi msampha. Mukayamba kutchera anthu, eni nyumba onse adzamva kuti gulu lija ndi la akazitape, ndipo mayi uja adzakhala woyamba kuthawa poganiza kuti munamuitanira kudzamuyalutsa. Ndipo mawa mwana wina adzaika mayina a anthu pa Facebook, nkhani n'kufika poipa.

Dalaivala

Agogo, nanga amene akunamiza anthu pa foniwo sakutchera msampha? Munthu amawononga ndalama ya ulendo kupita kukaona nyumba, kukafika n'kubwezedwa pageti.

Mphunzitsi Wopuma

Nonse muli ndi mfundo, ndipo zingathe kuyendera limodzi mukasamala zinthu zingapo. Musalembe dzina la mwini nyumba aliyense, ngakhale m'kope lanu, lembani dera ndi yankho basi. Oimba awiriwo anene zofanana pa ntchito, kukula kwa banja ndi tsiku lofuna kulowa, apo ayi simudzadziwa chimene chasiyanitsa mayankho. Asinthane woyamba kuimba. Musajambule mawu a munthu musanafufuze zimene malamulo a kwanuko amanena. Ndipo zotsatirazo musakathamangire nazo pa intaneti, kaziikeni patebulo pa khonsolo ya mzinda ndi pa bungwe la eni nyumba ngati lilipo. Kumeneko ndiye chachinayi cha Allport chija, chakuti akuluakulu akhale kumbuyo kwanu.

Koma agogo anena chinthu china m'mawa muja chimene sitiyenera kuchitaya. Mantha a mwini nyumba ndi enieni, cholakwika ndi mankhwala amene wasankha. Ngati akuopa kuthawiridwa, pali njira zomutetezera zosayang'ana mtundu: pangano lolemba, ndalama ya chikole yofanana kwa aliyense, kalata yochokera kwa mwini nyumba wakale kapena kuntchito. Mayi ajawo apatseni ntchito imeneyi. Akhale pansi ndi ena awiri alembe mafunso amene mwini nyumba angafunse munthu aliyense mofanana, ndipo ayambe okha kuwagwiritsa ntchito pa nyumba zawo zitatuzo. Akakana, mudzadziwa kuti vuto silinali lendi.

Chinanso, ngati mudzapeze mpata, tulukani muholomo tsiku lina muyende mumzinda. Ku Richmond, m'chigawo cha Virginia ku America, umene unali msika waukulu wa akapolo komanso likulu la zigawo zimene zinkamenyera ukapolo, anthu akuda ndi azungu anayenda limodzi mu 1993 kudutsa malo amene mzindawo unkawabisa, monga doko limene akapolo ankatsikira ndi pamene ankagulitsidwira. Mu 2007 anaimika chipilala cha chiyanjano, chofanana ndi zimene zili ku Liverpool ndi ku Benin. Mzinda uliwonse uli ndi mbiri ya mmene madera ake anagawikira, ndani anapatsidwa malo abwino, ndani anakankhidwira kumadambo. Anthu akaona ndi maso awo, amasiya kuganiza kuti mitundu inangosankha yokha kukhala motalikirana.

Agogo a Mapasa

Ngati mayina salembedwa, ndavomera. Ndipo mafunso a aphunzitsiwo mukalemba munditumizireko, ndiyambe ndine.

Namwino wa Usiku

Amayi a Tadala, musanachite zonsezi, yambani mwawaimbira amene sanabwere, mmodzimmodzi, inuyo mwini, osati uthenga wa pagulu. Musawapemphe kuti abwerere. Auzeni kuti munalakwitsa posintha nkhani, kenako khalani chete mumve. Ena sadzabwerera ndipo ndi ufulu wawo. Komanso mnyamatayo musamuike kutsogolo kwa ntchito yoimba mafoniyi pokhapokha atafuna yekha. Wakanidwa mokwanira. Ena a dzina la konkuno asenzeko, amve okha kusiyana kwa mawu pa foni mnzawo akaimba pambuyo pawo.

Ndipo funsani gulu lonse funso limene ku gulu langa lija palibe anafunsa: ndani pano akudziwa nyumba yopanda munthu?

Abusa

Holo ya mpingo wathu ili ndi bolodi la zidziwitso limene eni nyumba ambiri amamatapo mapepala awo. Ndikakamba ndi akuluakulu anzanga kuti aliyense womata pepala pamenepo avomere kaye mafunso ofanana aja. Sindikulonjeza kuti avomera msanga.

Mayi a Tadala

Ndabweranso, abale, patatha masiku anayi. Ndawaimbira onse 7. Awiri sanayankhe. Mayi mmodzi wandiuza mosabisa kuti sadzabweranso, akuti anaona nkhope za anthu tsiku lija ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wa konkuno amene anatsegula pakamwa kumuikira kumbuyo mnyamatayo, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa mawu a mayi a nyumba. Ndinalibe choyankha, ndinangomuthokoza. Atatu ati abwera akaona kuti nkhani ya nyumba ilidi pa ndandanda.

Mnyamatayo tinalankhula pafupifupi ola lathunthu. Ndinapepesa. Anati sanakwiye nane, anangoona kuti malowo si ake. Wavomera kubwera Loweruka, koma wapempha zinthu ziwiri: asakhale woyamba kulankhula, ndipo mayi aja asamupepese pagulu, chifukwa sakufuna kukakamizika kunena kuti palibe kanthu pamene kanthu kalipo. Mafoni wati saimba nawo, koma atithandiza kulemba zimene eni nyumba amakonda kufunsa, chifukwa anaziloweza.

Mayi a nyumba aja ndinapita kwawo. Anandilandira bwino, anamvetsera za mafunso ofanana aja, anati aganizire. Za kope la agogo ndinawafotokozera osatchula munthu, anangoti "hmm" n'kuyang'ana kumbali. Mpaka pano sanandiyankhe ngati abwera.

Nyumba sanaipezebe. Bambo amene ndimatsogolera nawo gulu akuti msuweni wawo ali ndi chipinda chimene chikhale chopanda munthu kumapeto kwa mwezi uno, apita limodzi kukachiona Lachinayi madzulo akaweruka kuntchito.